Ndege ikamadutsa pamwamba pa Lizulu, ili m'manja mwa ndani?

Gulu: Dedza ndi Ntcheu Kwathu

Yamikani wa pa Lizulu: Akuluakulu mwaswera bwanji. Ndili ndi funso koma musandiseke. Pano pamsika padutsa ndege m'mwambamwamba, zija zimasiya mzere woyera kumbuyo. Ndatsegula Flightradar24, pulogalamu ya pa foni yoonetsa pamene ndege zili, ikuonetsa kuti yachokera ku Johannesburg ikulowera kumpoto. Tsono pano mukudziwa, tsidya lino la msewu ndi Malawi, tsidya linalo ndi Mozambique. Amene akuyankhula ndi payiloti nthawi imeneyi ndi ndani, athu kapena anzathu a tsidyalo?

Nangozo: Anzanu akugulitsa kachewere inu maso ali kumwamba kkkkk

Yamikani wa pa Lizulu: Makasitomala kulibe achemwali, tizitani

Aphunzitsi Kamwendo: Funsolo ndi labwino. A Maseko ali pagulu pano, ntchito yolondolera ndege anaigwira mpaka kupuma. A Maseko tatithandizani.

Bambo Maseko: Ndilipo aphunzitsi, ndinali kudimba foni ndinaisiya m'nyumba. Yamikani mphwanga, thambo nalonso linagawidwa. Zigawo zikuluzikuluzo timati FIR. Chathu ndi cha Lilongwe, ndipo tinachita malire ndi cha Beira, cha Lusaka ndi cha Dar es Salaam. Ndege mwaionayo ngati yabwera cha ku Tete, inali m'manja mwa a Beira, kenako aipereka kwa a Lilongwe. Koma malo opatsiranawo sawerengera msewu wa M1 ayi. Ndi malo ongolembedwa pa mapu, a mayina a malembo asanu, amene mbali ziwirizo zinagwirizana mochita kusainirana. Lamulo lalikulu ndi lakuti nthawi iliyonse ndege ikhale ndi controller mmodzi, kutanthauza wolondolera ndege wa pansi, amene akuisamala. Asakhale awiri, komanso isapezeke ilibe aliyense.

Yamikani wa pa Lizulu: Nanga amapatsirana bwanji madala? Amaimbirana foni?

Bambo Maseko: Njira ndi ziwiri. Yakale ndiyo foni. Mumamuimbira mnzanu wa kutsogolo ndege isanafike pamalire, mumamuuza dzina la ulendo, malo amene ilowere, nthawi imene ifike, ndi levulo imene ikuuluka, kutanthauza kutalika kwake m'mwamba. Iye amabwereza zonse inu mukumva, walakwitsa nambala imodzi mumamukonza pompo. Onse awiri mumalemba pa timapepala tating'ono timene timandandalikidwa patebulo, kapepala kamodzi ndege imodzi.

Njira yatsopano ndi ya kompyuta, makamaka kumene kuli radar mbali zonse ziwiri. Pa sikirini ndege imaoneka ngati kadontho, pambali pake pali kachikwangwani kolembedwa dzina, levulo ndi liwiro. Ikamayandikira malire a chigawo chanu, kachikwangwaniko kamayamba kuphethira pa sikirini ya mnzanu wa kutsogolo. Iye akadina kuti walandira, kamasiya kuphethira, inu ndiye mumauza payiloti kuti sinthani frequency ya wayilesi muyankhule ndi akuti. Payiloti akafika uko amapereka moni ndi kutchula levulo yake. Apo ndiye ntchito yatha. Onani kuti zoperekedwa ndi zitatu: chithunzi cha pa radar, kuyankhulana pa wayilesi, ndi ulamuliro wouza ndege zochita. Zitatuzi sizisamuka nthawi imodzi, ndipo mavuto ambiri amabisala pakati pomwepo.

Nangozo: Ndiye ndi zija amatichita a minibasi. Mwakwera ku Lilongwe ulendo wa ku Balaka, kufika pa Ntcheu akuti tsikani kwerani iyo, atigulitsa. Kondakitala watsopano akuti ine andipatsa ndalama ya anthu asanu, mayi inu simulipo. Mukatembenuka kuti mufunse woyamba uja, ali kale pa Biriwiri akubwerera.

Bambo Maseko: Mwalasa Nangozo. Kusiyana kwake n'kwakuti ndege singaime pambali pa msewu kuti mukangane. Imeneyi imadya makilomita pafupifupi 14 pa mphindi imodzi.

Chikondi wa makompyuta: A Maseko, amene amayambitsa kuphethirako ndi ndani? Munthu kapena makina?

Bambo Maseko: Munthu angathe kuyambitsa, koma m'malo otanganidwa ngati ku Ulaya ndi ku America kawirikawiri amayambitsa ndi makina. Kompyuta imatenga flight plan, ndondomeko ya ulendo imene kampani ya ndege inatumiza, imawerengera njira ndi nthawi, n'kuona kuti pakatha mphindi zakuti ndege ilowa chigawo chakuti, ndiye imatumiza yokha. Ku Ulaya makompyuta a malo osiyanasiyana amayankhulana pa dongosolo lotchedwa OLDI, kwina amati AIDC. Zikamayenda bwino zimapeputsa ntchito kwambiri. Munthu amene akusamala ndege khumi ndi zisanu nthawi imodzi sangakwanitse kuimba foni pa iliyonse.

Vuto limabwera ndege ikasiya njira yolembedwa. Taganizani mitambo ya mu Januwale ija imaunjikana pamwamba pa phiri la Dedza mpaka ku Tsangano. Payiloti aliyense amapempha kuilambalala. Controller amavomera pakamwa, koma chifukwa cha kutanganidwa sanalembe mu kompyuta. Kompyuta ikudziwabe njira yakale. Ndiye mwina itumiza ndege ija kwa controller wa chigawo chimene siilowako n'komwe, mwina siitumiza kwa aliyense. Amene wazolowera kuti makina amamuchitira saona msanga kuti lero sanachite. Amadzazindikira ndege italowa kale m'dera la mnzake, mwini dera sakudziwa, ndipo iye akukweza ndege ina kudutsa levulo yomweyo. Mpata wofunika pakati pa ndege ziwiri ndi mamailosi a panyanja 5 cham'mbali, amene ndi makilomita pafupifupi 9, kapena mafiti 1,000 m'mwamba ndi m'munsi. Pa liwiro limenelo mpata wotere umatha musanamalize kumwa tiyi wa m'kapu.

Mai a Tadala: Ine ndikungowerenga, mutu ukuzungulira. Kompyutayo imadziwa bwanji kuti kadontho aka ndi ndege yakuti?

Bambo Maseko: M'ndege muli kachipangizo kotchedwa transponder. Radar ikakafunsa, kamayankha ndi nambala imene controller anapatsa payiloti, pamodzi ndi levulo. Nambalayo ndi ya manambala anayi, lililonse kuyambira 0 kulekeza 7.

Aphunzitsi Kamwendo: Ndiye kuti zonse pamodzi ndi 4,096 basi. 8 x 8 x 8 x 8. Dziko lonse lapansi ndege zili mlengalenga nthawi imodzi zimaposa pamenepo kutali.

Bambo Maseko: N'chifukwa chake manambala amabwerezedwa m'madera otalikirana, ndipo nthawi zina ndege imauzidwa kusintha nambala ikalowa dera lina. Ziwiri zikapezeka ndi nambala imodzi pafupi, kapena payiloti walakwitsa podina, makina akhoza kumata kachikwangwani ka ndege iyi pa ndege inayo. Zida za masiku ano za Mode S zinachepetsa zimenezi chifukwa ndege iliyonse ili ndi chizindikiro chakechake. Koma pali china chimene ine chimandiopsa kuposa. Radar ikataya ndege, makina ambiri sachotsa kadontho nthawi yomweyo. Amakayendetsabe kwa kanthawi mongoyerekeza, n'kuikapo kachizindikiro kakang'ono kosonyeza kuti uku n'kuyerekeza. Munthu wotopa, usiku, kachizindikiro kameneko akhoza osakaona.

Yamikani wa pa Lizulu: Ngati mmene Flightradar24 imachitira, ndege imangoyenda mzere wowongoka kenako n'kudumpha?

Chikondi wa makompyuta: Eya. Iyo imadalira kwambiri timawayilesi ta ADS-B timene anthu wamba anaika pa nyumba zawo. Kuno kwathu n'tochepa, ndiye pena imangoyerekeza.

Bambo Maseko: Ndikuuzeni nkhani ya ku Brazil, chifukwa m'menemo muli zonse takambazi. Pa 29 September 2006 kandege katsopano ka Embraer Legacy kananyamuka ku São José dos Campos, kumene kuli fakitale yake, kulowera ku Manaus. Flight plan yake inati kauluke pa mafiti 37,000 mpaka pa Brasília, pamenepo katsike pa 36,000, kutsogolo kadzakwere pa 38,000. Koma chilolezo chimene mapayiloti anamva ponyamuka chinali cha 37,000, ndipo payiloti sasintha levulo popanda kuuzidwa. Iwo anakhalabe pa 37,000.

Tsono pa sikirini ya ku Brasília kachikwangwani kanali ndi manambala awiri. Kumanzere levulo yeniyeni yochokera ku transponder, kumanja levulo imene ndege ikuyenera kukhala. Poyamba panali 370 ndi 370, kutanthauza mafiti 37,000. Ndege ikufika pa Brasília, kompyuta inasintha yokha nambala ya kumanja kukhala 360, potsata flight plan ija. Palibe munthu anauza payiloti kuti atsike. Makina anangolemba zimene zinali pa pepala pamalo pamene maso a controller amayang'ana kuti adziwe chimene ndege inaloledwa.

Patapita mphindi zochepa transponder ya Legacy inasiya kuyankha. Nambala ya kumanzere ija tsopano inayamba kuchokera ku radar ina yongoyeza kuchokera pansi, yosadalirika, imangosinthasintha. Chosonyeza kuti zinthu zasintha chinali chilembo chimodzi: pakati pa manambala awiri aja panali chizindikiro cha kufanana, chinasanduka Z. Controller anasinthana ndi mnzake, n'kumuuza kuti ndegeyo ili pa 360. Atapereka kwa a chigawo cha Manaus anawauzanso 360. Nthawi yomweyo Boeing 737 ya kampani ya Gol inali kubwera kuchokera ku Manaus pa njira yomweyo, pa 37,000, yololedwa bwinobwino. Kumapeto mbali zonse zinayesa kuitanana pa wayilesi koma osamvana. Kansonga ka phiko la Legacy kanadula phiko la Boeing. Anthu onse 154 a mu Gol anafera m'nkhalango ya Mato Grosso. Legacy inatera pa bwalo la asilikali la Cachimbo, anthu 7 onse amoyo.

Mai a Tadala: Mayo ine. Ambuye chifundo.

Nangozo: Koma pamenepa wolakwa ndi ndani? Ine ndikuona ngati mapayiloti. Chipangizo chazima pafupifupi ola lathunthu iwo osaona?

Bambo Maseko: Mphindi zoposa 50. Ofufuza enieniwo anasiyana maganizo. A CENIPA a ku Brazil anaika mlandu mbali zonse, mapayiloti ndi ma controller. A NTSB a ku America anatsindika kwambiri za olondolera ndege, kuti ndege ziwiri zonse zinali pamene zinauzidwa kukhala. Ine maganizo anga ndi akuti amene anakonza pulogalamu ija nawonso ali ndi gawo. Simungaike chimene munthu walamula ndi chimene pepala likufuna m'bokosi limodzi, nambala n'kumasintha yokha popanda munthu kudina.

Fatsani ku Joni: Abale mwezi wamawa ndikubwera kumudzi pa ndege, mukufuna ndikwere basi ya masiku awiri kudzera pa Nyamapanda? Mukundiopseza.

Aphunzitsi Kamwendo: Kkkk bwerani pa ndege achimwene, pa msewu ndi pamene pali ngozi zambiri.

Bambo Maseko: Musaope Fatsani. Ndege zikuluzikulu zonse zili ndi TCAS, chipangizo chimene chimayankhulana ndi ndege inzake popanda kudzera pansi. Zikayandikirana, imodzi imauzidwa kukwera, inayo kutsika. Ku Brazil sichinagwire chifukwa chimadalira transponder, ndipo imodzi inali chete.

Chikondi wa makompyuta: Ine ndiikepo ya ku Britain, chifukwa ikuonetsa mbali inayo. Pa 28 August 2023, tsiku la holide, makina olandira ma flight plan a NATS, kampani yolondolera ndege kumeneko, anaima. Chinayambitsa ndi ndege imodzi yochokera ku Los Angeles kupita ku Paris. M'njira yake munali malo awiri a dzina lofanana, DVL. Amodzi ndi Devils Lake ku North Dakota, enawo ndi Deauville ku France. Pulogalamu pofuna kupeza pamene ndege ilowere ndi pamene itulukire mlengalenga wa Britain, inasokonezeka ndi mayina awiriwa, masamu ake anaonetsa ngati ndege ituluka isanalowe. Inakana kutumiza zinthu zimene siikuzimvetsa, n'kudzitseka. Ya backup inatenga ntchito, inalandira flight plan yomweyo, nayonso n'kudzitseka. Zonsezi m'masekondi 20.

Anthu anayamba kulowetsa ma flight plan pamanja. Makina amatha pafupifupi 800 pa ola, manja amatha 60. Apaulendo oposa 700,000 anakhudzidwa, ena anagona pansi m'mabwalo a ndege.

Nangozo: Nanga backup yake ndi ya chiyani ngati ikufa limodzi ndi inzake? Ndalama zongotaya.

Chikondi wa makompyuta: Backup imakutetezani makina akapsa kapena magetsi akazima. Koma ngati pulogalamu ndi yomweyo, ndipo mwaidyetsa chinthu chomwecho, idwala matenda omwewo. Kuti mupewe zimenezo mufunika pulogalamu ina yolembedwa ndi anthu ena, ndiye mtengo wake ndi wina. Ku America zofanana zinachitika mu April 2014 ku Los Angeles Center. Ndege ya ukazitape ya U-2 inali pa mafiti 60,000, koma flight plan yake inalibe levulo yomveka. Makina awo olondolera ndege, otchedwa ERAM, anayamba kuwerengera njira zonse zimene ingawombane ndi ndege zina mpaka memory inadzaza.

Koma mfundo yanga achemwali ndi iyi. Ya ku Britain inaima n'kukuwa, anthu anataya ndalama ndi tulo, palibe anafa. Ya ku Brasília siinaime, inapitiriza kuonetsa nambala yooneka bwino. Ine pa ziwirizi ndisankha yokuwayo.

Aphunzitsi Kamwendo: Sindikutsutsa, koma kutseka dziko lonse chifukwa cha pepala limodzi nakonso ndi kulephera. Bwanji osangoliika pambali pepala lovutalo, n'kuitana munthu kuti alione, zina zizipitirira?

Chikondi wa makompyuta: Ndi zimene makampani a ndege anafunsa, ndipo anali ndi mfundo. Pulogalamuyo anaikonza pambuyo pake. Kungoti amene anailemba poyamba anaganiza kuti ngati makina afika posadziwa chimene chavuta, asadzikhulupirire pa chilichonse.

Bambo Maseko: Inu a makompyuta mumakonda kukamba za pulogalamu. Ine ndimaopa foni. Pa 1 July 2002 usiku, pamwamba pa Überlingen ku Germany, dera limene limalondoleredwa ndi a Skyguide a ku Zurich. Usiku umenewo akatswiri amakonza makina, ndiye radar inali pa dongosolo lapadera limene silionetsa chenjezo la pa sikirini lakuti ndege ziwiri zikuyandikirana. Foni yaikulu anaizimitsanso, ndipo yapadera inali ndi vuto. Controller anatsala yekha pa matebulo awiri, mnzake atapita kukapuma. Iye anatanganidwa ndi ndege yochedwa imene imatera ku Friedrichshafen, akuyesa kuimbira a kumeneko foni osalowa.

Ndege ziwiri anazilandira bwinobwino, Tupolev ya Bashkirian Airlines ndi Boeing 757 ya katundu ya DHL, zonse pa mafiti 36,000. Controller wa ku Karlsruhe, dera loyandikana nalo, makina ake anamuchenjeza. Anaona zonse pa sikirini yake. Anaimba ku Zurich kangapo, foni osalowa. Wa ku Zurich anazindikira patatsala nthawi yosakwana mphindi imodzi, anauza Tupolev kuti itsike. TCAS inauza Tupolev kuti ikwere, DHL itsike. A Tupolev anamvera munthu. Zonse ziwiri zinatsika. Anafa anthu 71, ambiri ana asukulu a ku Ufa amene amapita ku holide ku Spain. Kuchokera pamenepo lamulo linamveka bwino dziko lonse: TCAS ikayankhula, payiloti amvere iyo ngakhale controller akunena zina.

Mai a Tadala: Wa ku Karlsruhe uja bwanji sanangoyankhula ndi mapayilotiwo yekha?

Bambo Maseko: Ndege sizinali pa frequency yake mayi, komanso malamulo samulola kulamula ndege za m'dera la mnzake asanagwirizane. Akanalamula, mwina akanatsutsana ndi mwini dera n'kuonjezera chisokonezo. Lamulo lomwe lija la controller mmodzi, tsiku limenelo linamumanga manja.

Aphunzitsi Kamwendo: Ndi ndege ya Malaysia ya MH370 ija inasowa mu March 2014 si pa malire pomwenso? Ndikukumbuka kuti a Kuala Lumpur anatsanzikana nayo kuti iyankhule ndi a Ho Chi Minh, transponder inazima patangopita mphindi ziwiri, ndipo kwa a Vietnam siinafike.

Bambo Maseko: Pomwepo aphunzitsi, pa malo otchedwa IGARI. A Kuala Lumpur ankati tapereka, a Ho Chi Minh ankadikira moni. Panapita mphindi pafupifupi 17 a Ho Chi Minh asanafunse kuti kodi ndege ija ili kuti, pamene mgwirizano umati afunse pakatha mphindi 5. Munali anthu 239. Ya Air France 447 mu 2009 nayonso, pakati pa Brazil ndi Dakar. Ku Dakar kompyuta inkayendetsa ndege yongoyerekeza potsata flight plan, ndege yeniyeni ili kale m'nyanja, ndipo panapita maola anthu asanayambe kuifuna.

Fatsani ku Joni: Tikukamba za kutali. Nanga zathu za ku Chikangawa? Ndege inasowa tsiku lathunthu m'dziko laling'ono ngati lathu.

Admin Jere: Abale nkhani imeneyi tikudziwa mmene imathera pagulu pano. A Maseko ayankhe za ntchito yokha, za ndale ayi. Wolemba zonyoza ndimuchotsa.

Bambo Maseko: Ndamva a Jere, ndipo ndi maliro a tonse. Ndinena zochepa. Inali Dornier 228 ya asilikali, pa 10 June 2024, kuchokera ku Lilongwe kupita ku Mzuzu nyengo ili yoipa, ndipo tinataya a Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu. Ofufuza a BFU a ku Germany analemba kuti ndegeyo inalibe zida zojambula mawu a mapayiloti ndi kayendedwe ka ndege, ndiponso kuti batire ya kachipangizo kolira ndege ikagwa inatha ntchito mu 2004. Imeneyi si nkhani ya makompyuta opatsirana ndege ngati tikukambazi. Chimene ndingaonjezere ndi cha radar iliyonse padziko: imaona molunjika ngati diso. Ndege ikatsika kuseri kwa mapiri, kapena ikatalikira kwambiri ili m'munsi, radar siiona. Wayilesi ya VHF chimodzimodzi. N'chifukwa chake nsanja zimakwezedwa pamwamba pa mapiri.

Fatsani ku Joni: Zikomo madala. Ndasiyira pomwepo.

Chikondi wa makompyuta: Ndiye kuno ku Africa vuto lathu ndi losiyana ndi la azungu. Iwo makina achuluka, ife achepa.

Bambo Maseko: Pang'ono ndi choncho, koma zinthu zasintha kusiyana ndi kale. Mu 1996 bungwe la mapayiloti la IFALPA linadandaula poyera kuti mbali yaikulu ya mlengalenga wa Africa njosatetezeka. Chaka chotsatira, pa 13 September 1997, Tupolev ya asilikali a Germany inawombana ndi C-141 ya asilikali a America kufupi ndi gombe la Namibia, anafa anthu 33. Uthenga wa ndege ya Germany sunafike kwa a Windhoek, iwo sankadziwa kuti ikubwera, inali pa levulo yosayenera mbali imene imalowera, ndipo zonse ziwiri zinalibe TCAS. Mapayiloti odutsa mu Africa anali ndi njira yawoyawo imene IATA inakhazikitsa, youlutsa okha pa 126.9 kuti ndine wakuti, ndili pakuti, levulo yakuti, kuti anzawo amve ngakhale pansi pali chete. Kuyambira mu September 2008 Africa inalowa dongosolo la RVSM, ndege zimasiyana mafiti 1,000 m'mwambamo m'malo mwa 2,000, ndiye kulakwitsa levulo popatsirana kunayamba kuwerengedwa mosamala kwambiri.

Chimene chimavuta masiku ano ndi pamene mbali imodzi yagula makina atsopano, inayo ikadali pa foni ndi pepala. Kapena onse agula koma kwa makampani osiyana, uthenga wa uyu winayo akuukana chifukwa cha kalembedwe. Controller amafunika kukumbukira kuti malire a kumpoto makina amandichitira, a kummwera ndiimbe ndekha. Tsiku lotanganidwa amaiwala kuti ali mbali iti.

Nangozo: Ndiye bwanji osangobwerera ku mapepala, poti inu munagwira bwinobwino?

Bambo Maseko: Ayi Nangozo, musatikometse akalefe. Popanda radar ndege ziwiri pa njira imodzi ndi levulo imodzi timazisiyanitsa ndi mphindi 10, umene ndi mtunda woposa makilomita 100. Ku London kapena ku Johannesburg mutatero ndege zambiri sizinganyamuke. Ndipo pa foni anthu amamva molakwika, makamaka laini ikamakanda, wina Chingerezi chake cha Chipwitikizi wina cha Chichewa. Makina anachotsa zolakwika zambiri za mtundu umenewo. Chimene ine ndimalimbikira ndi chakuti achinyamata aziphunzitsidwabe kugwira ntchito sikirini itazima, aziyeserera kawirikawiri, chifukwa luso losagwiritsa ntchito limachita dzimbiri.

Aphunzitsi Kamwendo: Ndili ndi mtsikana wa Form 4 amene masamu ndi physics amakhoza kwambiri, amafunsa za ntchito imeneyi. Ndimuuze chiyani?

Bambo Maseko: Alimbikire Chingerezi choyankhula, chifukwa pa wayilesi palibe kubwereza kanayi. Maso ndi makutu amayezedwa ku chipatala. Maphunziro oyamba amachitikira konkuno, ena amakaonjezera ku East African School of Aviation ku Nairobi kapena ku sukulu ya ATNS ku Johannesburg. Koma mumuuze kuti ndi ntchito ya mashifiti, Khirisimasi imakupezani pa mpando.

Mai a Tadala: Funso lomaliza bambo. Ngati kuphethira kuja kukupitirira, mnzanu sakudina, ndege ikufika pamalire, mumatani?

Bambo Maseko: Simuilola kulowa. Mumanyamula foni kumuitana, mwina watanganidwa sanaone. Akapanda kuyankha mumaikhotetsa ndege kuti ikhalebe m'dera lanu, ngakhale izungulire, mpaka wina anene ndi pakamwa kapena adine kuti walandira. Mukapereka, mumayang'anabe mpaka mwatsimikiza kuti yachokadi pa frequency yanu. Wolandirayo naye akaona kuti wadina koma moni sakubwera, afunse msanga. Payiloti akasintha frequency n'kupeza kuli zii, amabwerera kumene wachokera kukafunsa nambala ina. Zikakanika pali 121.5, ya pangozi, imene ndege zikuluzikulu zimatchera pa wayilesi yachiwiri ulendo wonse, ndipo controller akhoza kupempha ndege ina yapafupi kuti imuitanire pamenepo.

Chikondi wa makompyuta: Ndipo kukhotetsa ndege yodzaza anthu chifukwa mnzanu sanadine, mabwana sakalipa za mafuta?

Bambo Maseko: Amafunsa, mumalemba lipoti, matepi amamvetsedwa. Zonse za pa wayilesi ndi pa foni zimayenera kujambulidwa ndi kusungidwa masiku osachepera 30, ndiye nthawi imene munaimba ndi nthawi imene iye anayankha zimaoneka poyera.